Zidule za M'makalata ndi Mawu a ku Thumba la Boma

Chaka chilichonse, zotsatira za mayeso a Fomu 4 zikangotuluka, anyamata ndi atsikana ambirimbiri amayamba kulemba makalata ofunsira ntchito kapena malo m'sukulu za ukachenjede. Ambiri a iwo amatha kulemba chimangirizo chomveka m'Chingerezi ndi m'Chicheŵa momwe, koma yankho likabwera kuchokera ku ofesi amakodwa ndi tizilembo tiŵiri kapena titatu timene kalaliki anatiika pamwamba kapena pansi pa kalata. Vuto lomweli limagwera mphunzitsi watsopano pamene walandira pepala la malipiro ake oyamba, ndiponso mlembi wa komiti ya sukulu pamene auzidwa kuti ndalama zachedwa chifukwa vocha sinadutse ku Treasury. Tizilembo timeneti ndi zidule, ndipo munthu wosazidziŵa amasaina zimene sanamve, amayankha mochedwa, mwinanso kutaya ndalama zake. Kudziŵa zidule ndi mbali ya luso la kuŵerenga, ndipo pa nkhani imeneyi sukulu pamodzi ndi maofesi ali ndi mangaŵa kwa anthu.

Kumene zidule zinachokera

Zidule zambiri zinafika m'dziko muno pamodzi ndi amishoni, amalonda ndi boma la atsamunda. Zina mwa izo si Chingerezi n'komwe koma Chilatini, chinenero chimene anthu ophunzira a ku Ulaya ankalembera kwa zaka mazana ambiri. Pepala linali lodula ndipo makalata ankakoperedwa pamanja, kotero alembi anazoloŵera kufupikitsa mawu obwera kaŵirikaŵiri. Pambuyo pake kunadza telegalamu, imene mtengo wake unkatsata kuchuluka kwa mawu, ndipo chizoloŵezicho chinazika mizu.

Zilembo a.m. zikuimira ante meridiem, kutanthauza kuti dzuŵa lisanafike paliwombo, pamene p.m. ndi post meridiem, dzuŵa litapendeka. Pa 12 koloko m'pamene pali msampha, pakuti paliwombo penipeni sipali mbali iliyonse mwa ziŵirizi. N'chifukwa chake wolemba wosamala amanena kuti 12 koloko masana kapena 12 koloko usiku, ndipo a ndege amaŵerenga maola mpaka 24, nalemba 14:00 ponena za 2 koloko masana.

Zidule zimene ana a sukulu amasokoneza kwambiri ndi e.g. ndi i.e. Choyambacho ndi exempli gratia, ndiko kuti mwachitsanzo, ndipo chimangotchula zochepa mwa zambiri. Chachiŵiricho ndi id est, ndipo chimaloza chinthu chenichenicho popanda kusiya mpata wa china. Chilengezo cha ntchito chikafuna munthu wokhoza phunziro la sayansi, e.g. Biology, wokhoza Physics nayenso angayese mwaŵi wake. Koma chikati i.e. Biology, khomo latsekeka kwa ena onse. N.B. ndi nota bene, kuchenjeza woŵerenga kuti aonetsetse, ndipo kaŵirikaŵiri pansi pa zilembo zimenezi m'pamene pamalembedwa tsiku lotsekera kulandira makalata. Etc. ndi et cetera, ndiko kuti ndi zina zotero, ndipo P.S. ndi post scriptum, mawu owonjezera kalata itatha kale.

Zolembedwa pa envelopu

P.O. Box ndi kabokosi ka nambala ku positi ofesi, kamene wobwereka amasunga kiyi wake. Private Bag, imene imafupikitsidwa kukhala P/Bag, ndi thumba lokhoma limene sukulu yaikulu, chipatala kapena nthambi ya boma imatuma mesenjala kukatenga. Pa positi imodzimodziyo, nambala ya bokosi ingafanane ndi ya thumba eni ake ali osiyana, kotero wolemba Box m'malo mwa Bag watumiza kalata yake kwa mlendo. Zilembo c/o ndi care of, kutanthauza kuti kalatayo idzere m'manja mwa wina. Mabanja ambiri a kumidzi akhala akulandira makalata mwa njira imeneyi, kudzera ku sukulu kapena ku tchalitchi, ndipo mwini adiresiyo alibe ufulu wotsegula kalata ya dzina la wina.

Mawu akuti Par Avion ndi Chifalansa, kutanthauza kuti kalata iyende pa ndege. Chifalansa chinaloŵa m'ntchito za mtengatenga wa makalata chifukwa ndicho chinenero cha bungwe la Universal Postal Union, limene linakhazikitsidwa mu 1874 mumzinda wa Bern ku Switzerland kuti kalata ya dziko limodzi izilandiridwa m'dziko lina popanda mikangano. Chilembo R chokhala ndi nambala chimasonyeza kalata ya rejisitala: wotumiza amapatsidwa lisiti, wolandira amasaina, ndipo ikasoŵa pali poyambira kuifufuza. Kale envelopu yotere inkalembedwanso mizere iŵiri ya buluu yopingasana. Chilembo T chikuimira liwu la Chifalansa lakuti taxe, ndipo chinkadindidwa pa kalata ya masitampa osakwana kuti wolandira alipire chotsalacho. Ndipotu chisanafike chaka cha 1840, pamene Rowland Hill anachititsa kuti ku Britain kutuluke sitampa yoyamba yomata, wolandira kalata ndiye kaŵirikaŵiri ankalipira.

Chidindo cha positi, chimene chimadetsa sitampa kuti isagwirenso ntchito, chimasonyeza malo ndi tsiku limene kalata inaponyedwa. Envelopu ya kalata yofunika siyenera kutayidwa msanga, pakuti pakabuka mkangano wa masiku chidindocho ndicho mboni. M'nthaŵi ya atsamunda makalata a boma ankanyamula zilembo O.H.M.S., kusonyeza kuti ali pa ntchito ya mfumu kapena mfumukazi ya ku Britain. Dziko litalandira ufulu mu 1964 panadza mawu akuti On Malawi Government Service, ndipo wantchito woika kalata ya chibwenzi kapena ya malonda ake m'envelopu yotere wagwiritsa ntchito katundu wa anthu onse pa zofuna za iye yekha.

M'kati mwa kalata

Pamwamba pa kalata ya ku ofesi pamakhala Ref. No., imene ndi nambala ya failo yosungiramo nkhaniyo. Woyankha akaiŵala kuitchula, kalata yake imayendayenda pa matebulo kusoŵa kwawo. Kaliwu kakuti Re kanachokera ku Chilatini ndipo kamatanthauza kuti pa nkhani ya. M'pamene pamakhala mutu wa kalata. Wantchito wa boma ayeneranso kudziŵa Through, kapena u.f.s., chidule cha under flying seal. Tanthauzo lake n'lakuti kalata ipite yosamata kudzera kwa mkulu woyang'anira wolembayo, kuti aiŵerenge, alembepo ndemanga, kenaka aitumize patsogolo. Mphunzitsi wopempha tchuthi kapena kusamutsidwa akalumpha mphunzitsi wamkulu, nthaŵi zambiri kalata yake imabwezedwa kuti idzere njira yoyenera, masabata atapita pachabe.

Pansi pa kalata, zilembo p.p. ndi per procurationem, kusonyeza kuti wosainayo wapatsidwa mphamvu yosainira m'malo mwa mkulu wake. Ena amangolemba liwu lakuti for. Ag. ndi acting, munthu wogwirizira udindo umene sunakhale wake. Zilembo cc zikuimira carbon copy, ndipo zinabadwa m'masiku a taipi pamene pakati pa mapepala aŵiri ankaikapo pepala la kaboni kuti kalata ituluke paŵiri. Kaboniyo anatha ntchito, koma zilembozo zikalipo ngakhale m'makalata a pa intaneti, ndipo woŵerenga wanzeru amayang'ana maina ali pamenepo kuti adziŵe amene akumva nawo nkhani yake. Enc. ikunena kuti m'envelopu muli mapepala ena, kotero akasoŵa m'pofunika kudziŵitsa wotumiza tsiku lomwelo. P.T.O. ikupempha kuti pepala litembenuzidwe, chifukwa kuseriko kuli mawu ena. R.S.V.P., imene ndi Chifalansa, ikupempha woitanidwa kuti ayankhe ngati adzabwera kapena ayi.

Wofunsira ntchito adzapemphedwa C.V., ndiyo curriculum vitae, mbiri yachidule ya maphunziro ndi ntchito zake. Adzapemphedwanso certified copies, amene ndi makope a masatifiketi odindidwa ndi munthu wololedwa ndi lamulo kuchitira umboni kuti akufanana ndi enieniwo. Satifiketi yeniyeni sitayenera kutumizidwa pa positi. Mwini wake amainyamula yekha pa tsiku la mafunso. Akalembedwa ntchito kapena kukwezedwa, ayang'anitsitse zilembo w.e.f., ndizo with effect from, kutanthauza kuyambira tsiku lakutilakuti. Kalata ingalembedwe mu Seputembala koma n'kunena kuti w.e.f. 1 Julayi, ndipo pamenepo malipiro a miyezi yapakatiyo ndi ngongole imene wolemba ntchito ayenera kubweza. Ngongole imeneyo ndiyo amati arrears.

Zizindikiro za ndalama

Kufikira mu 1971 dziko lino linkaŵerenga ndalama m'mapaundi, mashilingi ndi makobiri, ndipo zizindikiro zake zinali £, s ndi d. Chizindikiro cha paundi ndi chilembo L chokometseredwa, chochokera ku liwu lakuti libra. S ndi solidus, ndipo d ndi denarius, maina a ndalama za Aroma. Makobiri 12 ankapanga shilingi ndipo mashilingi 20 ankapanga paundi. M'chaka chimenecho kunabwera kwacha ndi tambala, K2 kukhala paundi imodzi ndipo shilingi kukhala 10 tambala. Pa malonda a pakati pa maiko kwacha ya Malaŵi imalembedwa MWK pofuna kuisiyanitsa ndi kwacha ya Zambia, imene chiyambire 2013 imalembedwa ZMW. Wochita malonda ku Mchinji ndi ku Chipata akangoona K yekhayekha pa pepala la pangano ayenera kufunsa kuti ndi kwacha ya mbali iti.

Pa chikalata cha ku banki, Cr imasonyeza ndalama zoloŵa kapena zimene mwini akaunti ali nazo, pamene Dr imasonyeza zotuluka kapena zimene iye akongola. O/D ndi overdraft, kutapa mopyola zimene zilimo, ndipo imeneyo ndi ngongole yobala chiwongoladzanja. M'buku la ndalama, b/f ndi chiŵerengero chochokera pa tsamba lapitalo, c/f ndi chopita pa tsamba lotsatira, ndipo ziŵirizi zikasemphana ndiye kuti penapake palakwika kapena paloŵa dzanja. Ntchito ya cheke yachepa chifukwa cha kutumiza ndalama pa makina ndi pa lamya, koma zizindikiro zake zikupezekabe m'mafailo. Mizere iŵiri yopingasa pamodzi ndi mawu akuti A/C Payee Only imalamula kuti ndalama ziloŵe mu akaunti ya mwini dzina yekha, ndipo R/D, ndiyo refer to drawer, ndi njira yaulemu imene banki imakanira cheke n'kubweza wochinyamula kwa amene anachilemba.

Chidule choopsa koposa pa nkhani ya ngongole ndi p.m., pakuti pano sichikunenanso za madzulo koma za mwezi uliwonse, pamene p.a. ndi per annum, pa chaka. Munthu akakongola K100,000 pa chiwongoladzanja cha 10 pa 100 p.a., adzawonjezera K10,000 chaka chikatha. Pepala likanena kuti 10 pa 100 p.m., adzawonjezera K10,000 mwezi ndi mwezi, ndiyo K120,000 pa chaka, kuposa imene anakongola, ndipo apa chiwongoladzanja sichinayambe n'kubereka china. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumeneku ndiko kumene akatapila amadyerapo, ndipo wosaina asanafunse amakumbukira mochedwa kuti madzi akatayika saoleka.

Pepala la malipiro ndi msonkho

Gross ndi malipiro onse asanadulidwe kanthu, ndipo Net ndi zotsala zimene zimafika m'manja. Wofunsira ntchito akauzidwa chiŵerengero cha malipiro ayenera kufunsa kuti ndi chiti mwa ziŵirizi. P.A.Y.E. ndi Pay As You Earn, msonkho umene wolemba ntchito amadula mwezi uliwonse n'kukaupereka ku M.R.A., ndilo bungwe la Malawi Revenue Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998 n'kuyamba ntchito mu 2000. T.P.I.N. ndi nambala imene bungweli limadziŵira wokhoma msonkho aliyense, ndipo wofuna kugulitsa katundu ku boma sangapite patali popanda iyo. V.A.T. ndi msonkho wowonjezeredwa pa mtengo wa katundu ndi ntchito zina, umene unaloŵa m'malo mwa surtax mu 2005. Amaulipira ndi wogula, ngakhale amene sali pa ntchito iliyonse. Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linaika kuti wantchito azisonkha zosachepera 5 pa 100 ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito aziikapo zosachepera 10 pa 100. Mzere uliwonse wa zodulidwa uli ndi dzina kapena nambala, ndipo mphunzitsi woona mzere wosaudziŵa achite bwino kufunsa mwa kalata, natchula mwezi ndi chiŵerengero chake, osati kungodandaula pansi pa mtengo.

Mawu a ku Thumba la Boma

Treasury ndi nthambi ya Unduna wa Zachuma, ku Capital Hill mu Lilongwe, imene imagaŵa ndi kulondoloza ndalama za boma, ndipo mkulu wake ndi Secretary to the Treasury, amene m'makalata amangoti S.T. Gawo 172 la Malamulo Aakulu a dziko lino limanena kuti ndalama zotoleredwa m'dzina la boma ziloŵe m'thumba limodzi lotchedwa Consolidated Fund, ndipo akaunti yake yaikulu, imene anthu amaitcha Account Number One, ili ku Reserve Bank of Malawi. Banki imeneyi inayamba ntchito mu 1965 ku Blantyre, ndipo likulu lake linasamukira ku Lilongwe mu 1981. Gawo 173 limaletsa kutapa m'thumbalo popanda chilolezo cha lamulo. Tsono bajeti imene nduna imaŵerenga m'Nyumba ya Malamulo ndi pempho chabe, kufikira aphungu atavomereza lamulo lotchedwa Appropriation Act.

M'chinenero cha ku Treasury, liwu lakuti Vote silikunena za chisankho. Ndi gawo la ndalama, lokhala ndi nambala yake, limene aphungu avomereza kuti unduna kapena nthambi yakutiyakuti igwiritse ntchito. Ndalamazo zili m'magulu aŵiri. Recurrent ndi zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo m'menemo muli P.E., ndiwo malipiro a antchito, ndi O.R.T., chidule cha Other Recurrent Transactions, ndizo zogulira choko, mafuta a galimoto, magetsi ndi madzi. Development ndi za chitukuko monga misewu ndi midadada ya sukulu, ndipo Part I ndi zochokera kunja pamene Part II ndi za m'dziko momwe muno. Mphunzitsi akamva kuti O.R.T. yadulidwa adziŵe kuti malipiro ake angabwere koma zipangizo za m'kalasi n'kusoŵa. Chaka cha boma, chimene chimalembedwa F.Y., sichiyamba mu Januwale: chiyambire 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, pamene m'zaka za m'mbuyo mwake chinkayamba pa 1 Julayi.

Zotolera zikachepa poyerekeza ndi zofunika kugwiritsa ntchito, mpatawo umatchedwa deficit, ndipo boma limautseka pokongola. Treasury Bills ndi mapepala a ngongole ya nthaŵi yochepa, ya masiku 91, 182 kapena 364, amene amagulitsidwa kudzera ku Reserve Bank. Wogula amalipira mochepera ndipo tsiku likakwana amalandira mtengo wonse wolembedwa. Treasury Notes ndi ngongole ya zaka zingapo. Nkhani imeneyi imakhudza ngakhale wogulitsa tomato, pakuti boma likamakongola kwambiri m'dziko momwe muno mabanki amakonda kubwereketsa boma kusiyana ndi wamalonda wamng'ono, ndipo gawo lalikulu la msonkho limathera ku chiwongoladzanja m'malo mwa mankhwala ndi mabuku.

Ndalama ya boma ili ndi njira yake yotulukira. Ofesi ikafuna katundu imalemba L.P.O., ndiyo Local Purchase Order, imene ndi lonjezo lakuti boma lidzalipira. Wamalonda amabweretsa katunduyo pamodzi ndi delivery note, imene wolandira amasaina ataŵerenga, ndi invoice, imene ndi pepala lolipiritsa. Kenaka pamalembedwa vocha, ndipo Controlling Officer, amene mu unduna amakhala mlembi wamkulu, ndiye amayankha mlandu wa ndalama iliyonse ya Vote yake. Imprest ndi ndalama yopatsidwiratu wantchito pa ulendo kapena pa zogula zazing'ono, ndipo imakhala ngongole pa dzina lake kufikira atabweza malisiti kapena ndalama yotsala. Nayenso munthu wamba akalipira kanthu ku ofesi ya boma ayenera kulandira G.R., ndiyo General Receipt. Ndalama yoperekedwa popanda lisiti palibe angatsimikize kuti inafika m'thumba la dziko.

Zilembo A.G. zimaimira akuluakulu atatu osiyana, ndipo nyuzipepala nazo zimawasokoneza. Accountant General ndiye amasunga mabuku a boma ndi kulipira. Auditor General, amene udindo wake uli m'gawo 184 la Malamulo Aakulu, amafufuza mabukuwo n'kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo, kumene komiti ya aphungu yotchedwa P.A.C., ndiyo Public Accounts Committee, imaitana akuluakulu a maunduna kudzayankha. Attorney General ndi mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo. Wolipira ndi wofufuza anawasiyanitsa dala, pakuti fisi sangakhale mboni pa mlandu wa mbuzi.

Zimene zimachitika njira imeneyi ikalumphidwa dziko linaziona mu 2013. Boma limalipira kudzera m'makompyuta a IFMIS, ndipo m'chaka chimenecho zinaululika kuti anthu ena ankalipira makampani amene sanapereke katundu aliyense, kenaka n'kufufuta zolembedwazo. Nkhaniyi, imene inatchedwa Cashgate, inaphulika mu Seputembala pamene mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, anawomberedwa ku Lilongwe. Lipoti loyamba la akatswiri a Baker Tilly a ku Britain, la mu 2014, linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, ndipo maiko othandiza anaimitsa ndalama zimene ankathira mu bajeti. Chinasoŵa pamenepo ndi zinthu zomwe zatchulidwazi: katundu woŵerengedwa, vocha yoona ndi wosaina wofunsa mafunso. Mapepala omwewo, pa muyeso waung'ono, ndiwo amafika pa tebulo la komiti ya sukulu ikalandira S.I.G., thandizo la ndalama lotukulira sukulu za pulaimale. Kholo losaina vocha ya matumba a simenti amene silinawaone latsegula khomo lofanana ndi lomwe linatsegulidwa ku Capital Hill.

Zidule zimene zinasanduka mawu

Chicheŵa chili ndi njira yakeyake yoŵetera zidule zachilendo. W.N.L.A., bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya m'migodi ya ku Johannesburg, linasanduka Wenela pakamwa pa makolo, ndipo dzina lake la pambuyo pake, TEBA, linasanduka Theba. ADMARC, imene inaloŵa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, alimi anaitcha Adimaki. Koma aphunzitsi achenjere ndi matanthauzo opeka. Pali mphekesera yakuti liwu lakuti boma ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena za ulamuliro wa asilikali a Britain. Zimenezo si zoona. Boma ndi liwu lakale la kum'maŵa kwa Afirika, lodziŵika m'Chiswahili, lotanthauza linga kapena mpanda, ndipo linafika pa tanthauzo la lero chifukwa maofesi oyamba a atsamunda ankakhala m'malinga. Mwana wophunzitsidwa bodza lokoma amalinyamula moyo wake wonse n'kukaliphunzitsa ena.

Zoyenera kuchitika

Ena anganene kuti zonsezi ndi ntchito ya makalaliki, ndiponso kuti makalata a pa positi akutha popeza aliyense ali ndi lamya ya m'manja. M'mawu amenewa muli choona pang'ono, pakuti R ndi T za pa envelopu ana ambiri a lero sadzaziona. Koma Ref., cc, w.e.f., p.a., Dr ndi Cr zangosamukira pa galasi la lamya, kumene munthu amavomera ngongole ndi chala chimodzi popanda kalaliki womufotokozera. Ndiponso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, lilibe phindu kwa munthu amene akapatsidwa pepala la bajeti ya khonsolo yake sangasiyanitse P.E. ndi O.R.T.

Tsono udindo woyamba uli ndi aphunzitsi. Sipafunika phunziro latsopano kapena buku lodula. Envelopu yakale, lisiti la m'sitolo, chilengezo cha ntchito chodulidwa m'nyuzipepala ndi pepala la malipiro lofufutidwa dzina n'zokwanira kuphunzitsira kalasi ya Fomu 4 kwa mphindi khumi pa sabata. Wa masamu atenge p.a. ndi p.m., wa Chingerezi atenge kalata ya ku ofesi, ndipo wa Chicheŵa afunse ana kuti amasulire kalatayo monga angaifotokozere agogo awo, pakuti amene sangathe kunena chinthu m'chinenero chake sanachimvetse.

Udindo wachiŵiri uli ndi maofesi. Chidule chinapangidwira kupulumutsa nthaŵi ya anthu aŵiri odziŵana ntchito. Chikalembedwa kwa mlimi kapena kwa mayi wamasiye wolondola penshoni ya mwamuna wake, chimasanduka mpanda. Kalata yopita kwa munthu wamba itchule mawu onse poyamba, chidule chidze pambuyo, ndipo mafomu a msonkho, a ngongole ndi a penshoni akhale ndi tanthauzo m'zinenero za anthu. Chicheŵa chinakwezedwa kukhala chinenero cha dziko mu 1968, bungwe la Chichewa Board linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo Centre for Language Studies, imene inatenga malo ake mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Akatswiri alipo. Unduna wa Zachuma, M.R.A. ndi mabanki akhale nawo pansi, agwirizane mawu amodzi a Chicheŵa onenera zinthu za chuma cha boma, kuti wailesi, nyuzipepala ndi sukulu zisamatchule chinthu chimodzi ndi maina atatu.

Udindo wotsiriza uli ndi wotsiriza sukulu mwini wake. Manyazi ndiwo amalepheretsa ambiri kufunsa, poopa kuti kalaliki aona ngati satifiketi yawo ndi yachabe. Koma palibe anabadwa akudziŵa u.f.s., ndipo akuluakulu anati safunsa anadya phula. Asunge kabuku kolembamo chidule chilichonse chatsopano pamodzi ndi tanthauzo lake ndi kumene anachiona. Asunge kope la kalata iliyonse imene watumiza ndi lisiti lililonse limene walandira. Ndipo pepala limene lili ndi chilembo ngakhale chimodzi chimene sakuchimva, alibweze kwa mwini wake mwaulemu kuti amufotokozere, cholembera chikadali m'thumba.